Rauta ikamalandira pulogalamu yatsopano, musaikhudze

Zikomo a wapampando. Amayi ndi abambo, monire mose. Ndiyankhula m'Chichewa monga mwapempha, kuti abale athu amene anabwera kuno ku Mzuzu pa ntchito kuchokera kuchigawo chapakati ndi kumwera asatsalire m'mbuyo.

Kabokosi ndanyamulaka mukukadziwa. Ena mumati rauta, ena mumangoti ka Wi-Fi. Kali pamwamba pa kabati mu ofesi ya sukulu, kali kuseri kwa kauntala m'mashopu osindikiza mapepala ku Luwinga pafupi ndi Mzuni, kali m'nyumba zogona alendo ku Chibavi ndi kuno ku Katoto. Ndifunse: chikagulireni, ndani analowapo mkati mwake pa kompyuta kukaona zimene zilimo? Ndikuona manja atatu mu holo yonseyi.

Sindikukudzudzulani ayi. Amene anakugulitsani sanakuuzeni kuti kameneka ndi kakompyuta. Kali ndi ubongo wake, kali ndi posungira zinthu, komanso kali ndi pulogalamu yaikulu yokayendetsa, monga mmene Android imayendetsera foni kapena Windows laputopu. Pa marauta ambiri a m'nyumba pulogalamuyi amaitcha firmware. Pa a MikroTik, kampani ya ku Latvia, ndi RouterOS, ndipo pa zida za Cisco za m'maofesi aakulu ndi IOS. Foni imakukumbutsani yokha kuti mupange update. Rauta, makamaka yakale, imatha kukhala duu zaka zisanu, timagetsi take tikuthwanima ngati zonse zili bwino.

Tsono chilichonse chimene mumachita pa intaneti mu ofesi mwanu chimadutsa pakhomo limeneli: ndalama zopita ku banki, mayina a ana asukulu, makalata a mpingo. Pulogalamu imalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amasiya ziboo mosadziwa. Wopanga akazindikira chiboo amatulutsa pulogalamu yatsopano yochitseka. Koma tsiku limene walengezalo, akuba nawonso amamva pamene pali chiboocho. Ndiye kuti amene sanatseke ali pangozi yaikulu kuposa dzulo.

Mu 2018 panapezeka chiboo pa marauta a MikroTik, pa khomo lolowera lotchedwa Winbox. Kampaniyo inachitseka mwezi wa Epulo chaka chomwecho. Koma patapita miyezi, marauta ambirimbiri, makamaka ku Brazil, anapezeka atalandidwa ndi akuba amene ankawagwiritsa ntchito popanga ndalama za pa intaneti. Mankhwala analipo, aulere, eni ake sanamwetse. Mu 2016 kunalinso pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai, imene inkalowa m'makamera ndi m'marauta pongoyesa mapasiwedi obwera nawo kuchokera kufakitale. Mu Okutobala chaka chimenecho zipangizo zogwidwazo zinatumidwa kukadzaza njira, mpaka anthu ambiri ku America analephera kutsegula Twitter ndi Netflix.

Ndamva bambo kumbuyoko akuti, wakuba wa kutali chonchoyo angafune chiyani kwa ine wa ku Zolozolo? Bambo, iye sakudziwani n'komwe. Makompyuta ake amangoyenda usiku ndi usana kugogoda khomo lililonse pa intaneti, ndipo pamene papezeka posakhoma, amalowa. Inu mumangodabwa kuti bandulo yatha sabata isanathe, netiweki ikukwawa ngati nkhono, mukumakalipira ana kuti aonera mavidiyo.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Kuika pulogalamu yatsopano sikovuta, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma mphindi zimenezo ndi zimene zimapha marauta, ndipo ine ndinaphapo imodzi. Kunali kunyumba ina yogona alendo, madzulo, nyengo ya dzinja. Mukuidziwa mvula ya kuno. Ndinaona mitambo yakuda, komabe ndinati ndimaliza msanga. Mzere wosonyeza ntchito utafika pakati, magetsi anazima. Atabwerera, rauta inangoyatsa kagetsi kamodzi basi. Alendo anagona opanda intaneti, ndipo ndinagula ina ndi ndalama za m'thumba mwanga. Zinandipweteka, chifukwa mwini malo anandikhulupirira.

Chimachitika n'chiyani? Taganizani za kufolera nyumba. Mumasasula udzu wakale kenako n'kuika watsopano. Rauta imachita chimodzimodzi: imafufuta pulogalamu yakale n'kulemba yatsopano pamalo pomwepo. Magetsi akazima pakati, yakale palibe, yatsopano sinathe, nyumba yatsala yopanda denga mvula ili pakhomo. Akatswiri amati rautayo yasanduka njerwa. Zida zina zodula zimasunga mapulogalamu awiri, kuti ina ikawonongeka inzake idzuke. Zambiri zimene tili nazo kunozi zilibe zimenezo.

N'chifukwa chake musanayambe chilichonse, ganizirani za magetsi. Lumikizani rauta ku inveta, ku batire ya sola kapena ku UPS, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupereka moto magetsi akazima, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto. Kunja kukachita ziphaliwali, siyani, mawa lilipo. Musachitenso nthawi imene makasitomala ali pamzere kapena tsiku lotumiza mayina a ana olemba mayeso. Sankhani Loweruka masana, pamene intaneti ikasowa ola limodzi palibe amene alire.

Kenako tembenuzani rautayo muwerenge kapepala komata pansi pake. Pali dzina la mtundu wake, koma palinso kanambala kena kamene anthu ambiri amakadumpha. Pa TP-Link mupeza polembedwa Ver, kenako 2.0 kapena 3.0, nthawi zina ndi zilembo EU kapena US. Marauta awiri akhoza kufanana dzina ndi maonekedwe, koma mkati muli zipangizo zosiyana. Fayilo ya V3 si ya V2. Lembani zonsezo papepala, mupite pa tsamba lenileni la kampani yopanga, mutsitse fayilo yogwirizana ndi zimene mwalembazo chilembo ndi chilembo. Werenganinso mawu ofotokoza amene ali pambali pa fayiloyo, chifukwa nthawi zina amachenjeza kuti mudutse kaye pa pulogalamu ina yapakati, kapena kuti mukaika simudzatha kubwerera ku yakale.

Mafayilo oyenda m'magulu a WhatsApp, olonjeza kuti rauta idzalandira simu ya kampani iliyonse kapena kuti liwiro lidzawirikiza, musawakhudze. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Simukudziwa amene anaiphika fayiloyo ndi zimene anathiramo, ndipo inu mukuiika pakhomo penipeni pa ndalama zanu.

Lumikizani laputopu ku rauta ndi chingwe cha netiweki, osati Wi-Fi, pakuti Wi-Fi imatha kuduka fayilo ili pa ulendo. Tsegulani Chrome kapena Firefox mulembe adiresi ya rauta. Nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ya MikroTik ndi 192.168.88.1, ndipo pa kapepala kaja imalembedwanso. Mukalowa, funani polembedwa Backup musunge makonzedwe anu onse pa laputopu. Ine ndimajambulanso ndi foni masamba ofunika, dzina la Wi-Fi ndi zimene analembamo amene anakulumikizani intaneti, poti marauta ena amaiwala zonse akalandira pulogalamu yatsopano.

Mukatero pitani pa Firmware Upgrade, musankhe fayilo, mudine. Apa ndiye pindani manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timagetsi tizima, tiyaka, mwina tsamba lioneka ngati lauma. Musazule chingwe, musadine batani, ndipo muuze mnzanu wa mu ofesi kuti asazule pulagi pofuna kutchaja foni. Ine ndimamata kapepala pa soketi. Dikirani mphindi khumi ngakhale zitaoneka kuti zatha kale.

Ikadzuka, lowaninso muone ngati nambala ya pulogalamu yasintha. Eni marauta a MikroTik, muli ndi sitepe yachiwiri imene ambiri amaiwala: pitani pa System, kenako RouterBOARD, mudine Upgrade, muiyambitsenso. Ndipo muli momwemo, ngati pasiwedi yolowera ikadali admin, isintheni lero lomwe. Ngati khomo loyendetsera rauta muli kutali lili lotsegula koma simuligwiritsa ntchito, litsekeni.

Inde amayi, funsani. Amayi akuti awo ndi ka MiFi, karauta kam'thumba kamene anagula ku kampani ya mafoni. Amayi, kameneko musakaikire fayilo yochokera kwina, chifukwa nthawi zambiri pulogalamu yake imakhala yokonzedwa mogwirizana ndi kampaniyo. Ngati ndi ka Huawei, lembani 192.168.8.1, mupeza polembedwa Update, ndipo kadzafufuza kokha. Batire ikhale yodzaza. Zikakanika, pitani nako ku shopu ya Airtel kapena TNM, malinga ndi kumene munakagula.

Achimwene apa akufunsa za rauta imene pa tsamba la kampani fayilo yomaliza ndi ya zaka zambiri zapitazo. Achimwene, ndikuuzani zoona ngakhale ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira: imeneyo wopanga anaisiya, ziboo zatsopano palibe adzazitseke. Ngati ndi ya ofesi yosunga ndalama kapena mayina a anthu, iikeni pa bajeti ya chaka chino mugule ina. Pakadali pano sinthani pasiwedi ndi kutseka makomo aja.

Patebulo lakumbuyoko ndaika batire, inveta ndi zingwe. Amene mwabwera ndi marauta anu, bwerani awiriawiri. Tiyamba ndi kuwatembenuza, aliyense awerenge yekha kapepala kapansiko mokweza, ine ndizingoyang'ana. Amayi a MiFi, yambani ndinu.