Njiwa za pa yadi ku Joni: musanawombere, imvani izi

[Kamera ili pa denga, nkhunda zatera pa matailosi]

Taonani izo. Zonenepa, zosaopa munthu, m'mawa uliwonse zili pomwepo. Aliyense amene anakulira kumudzi akaziona amangoganiza za ndiwo basi. Lero tikamba za njiwa ndi nkhunda za m'mayadi muno mu Johannesburg: yodya ndi iti, yoisiya ndi iti, komanso bodza limodzi limene likuyenda m'magulu athu a WhatsApp, loti lingagonetse munthu m'chitokosi. Bodzalo lili pa nambala 3, musachoke.

Moni achimwene ndi achemwali a ku Randburg, Diepsloot, Cosmo City, Rosettenville, Mayfair, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi. Ngati ndinu atsopano, dinani subscribe pomwepo, sizilipiritsa.

Nambala 1, idziweni mbalameyo.

Ambiri mwakhala mukunditumizira mavidiyo a azungu a ku England akuwombera nkhunda zikuluzikulu zotuwa za banga loyera m'khosi, zimene amazitcha wood pigeon. Mbalame imeneyo ndi ya ku Ulaya, kuno kulibe. Ngakhale komweko saiwombera chisawawa, pali chilolezo cha boma chimene amatsatira, makamaka poteteza mbewu. Ndiye musatengere za m'vidiyo ya ku London n'kuzichita ku Fourways.

Zathu kuno ndi izi, mwachangu. Ya padenga ija, yofiirira kumsana, madontho oyera m'mapiko, khungu lofiira kuzungulira diso, ndiyo speckled pigeon, Mabunu amati kransduif. Njiwa zili zitatu zodziwika: yaikulu ya maso ofiira, yapakatikati yokhala ndi mzere wakuda kumbuyo kwa khosi, ndi kakang'ono kopanda mzere, ka madontho pachifuwa. Palinso ina yakuda bii, mlomo ndi miyendo yachikasu, imene imakonda zipatso za m'mitengo. Imeneyo isiyeni. Muno mu Gauteng mukugwirabe ntchito lamulo la zachilengedwe la mu 1983, Ordinance 12, ndipo mbalame zambiri zakutchire limaziteteza.

Nambala 2, yang'anani mwendo. Ikakhala ndi mphete, kawirikawiri ili ndi mwini wake. Ndi nkhunda ya mpikisano imene yangotera kuti ipume, ndipo zina mwa izo mtengo wake umaposa malipiro a mwezi a munthu wa gadeni. Zimamwetsedwanso mankhwala. Ipatseni madzi, ipite.

Nambala 3. Apa ndiye khalani pansi.

Bodza lake likuti: "Mfuti ya mapeleti si mfuti, sifuna laisensi, ndiye pa yadi pomwe ndimakhala ndingawombere mmene ndikufunira." Ndalimva kwa anthu akuluakulu, anzeru zawo, ndipo limandipweteka mtima chifukwa theka lake ndi loona. Theka loonalo ndilo likupusitsa anthu.

Choona n'chakuti lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000, silifuna laisensi pa mfuti ya mpweya, ya mapeleti ija, imene chipolopolo chake n'chochepera mamilimita 5.6. Zambiri zimene mumaziona m'masitolo ndi za 4.5, mumangolipira n'kunyamula. Mpaka pamenepo palibe mlandu.

Koma lamulo lomwelo, gawo 120, ndime 7, likunena kuti ndi mlandu kuwombera mfuti pamalo pomwe pali nyumba za anthu kapena pamalo a anthu onse popanda chifukwa chomveka. Ndipo potchula mfutizo, ya mpweya aitchula ndi dzina, sanaisiye kunja. Chilango chake chimatha kufika zaka 5 m'ndende. Mwamva? Kugula n'kololedwa. Kuwombera pakati pa nyumba za anthu ndiye mlandu. Ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo wogulitsa uja akakuuzani kuti "sifuna mapepala" amakhala akunena yoyamba yokhayo.

Wina alemba m'munsimu kuti, "Koma ndili mkati mwa mpanda." Achimwene, mpandawo suchotsa yadi yanu mu Randburg. Kumanja kuli nyumba, kumanzere kuli nyumba, kumbuyo kuli nyumba. Amenewo ndiwo malo amene lamulo likunena. Wina ati, "Chifukwa chomveka ndili nacho, ndikufuna ndiwo." Woweruza ngati chifukwacho n'chomveka ndi majisitireti, si inu, ndipo pofika pamaso pake mudzakhala mutagona kale kupolisi.

[Kamera iyandikire khoma la simenti, dzanja ligwire peleti]

Taonani kanthu aka. Kakang'ono, ka mtovu, kopepuka. Mukaiphonya njiwa ili pa nthambi, kameneka sikagwa pomwepo ayi, kamauluka mamita mazana angapo. Kakamenya khoma ngati ili mopendekeka kamanjanja n'kulowera kwina. Kuseri kwa khomali inu simukuonako. Mwina kuli mwana akusewera, mwina mayi akuyanika zovala, mwina mnzathu wa kwathu konkuja akudula kapinga. Diso la munthu silichedwa kuphulika. Padenga pali magalasi a sola, pafupi pali galimoto ya eni ake. Lamulo lomwe lija lilinso ndi mlandu wina wa kuvulaza munthu kapena kuika anthu ndi katundu pachiswe chifukwa chosasamala ndi mfuti ya mpweya. Ngakhale kungomuloza munthu ndi mfuti yotereyi, yopanda chipolopolo, ndi mlandu pawokha.

Ndiye ganizirani mmene zimayendera m'madera a mabwanawa. Mwailasa njiwa phiko, siinafe, yagwera kwa aneba ikuphupha. Mayi wa nyumbayo aijambula, aiponya pa gulu la WhatsApp la mumsewu. Posakhalitsa galimoto ya achitetezo yaima pageti, ndipo amene aitanidwawo auzidwa kuti kuli munthu wa mfuti. Sanauzidwe kuti ndi ya mapeleti. Akakuonani mwanyamula chinthu chachitali chakuda, iwo sayamba ndi kuyeza mamilimita. Izi ndiye zimandidetsa nkhawa kuposa ndendeyo.

Komanso tinene zoona zake, ife ndife alendo. Ambiri timakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana. Yadiyo si yathu. Lamulo la ulenje limafuna kalata ya chilolezo kuchokera kwa mwini malo, ndipo kalatayo ngakhale abwana atakulemberani, sifafaniza gawo 120 lija. Ntchito ithe, pogona pathe, ndipo ngati mapepala anu ali ndi vuto, nkhani imene inayamba ndi njiwa ikathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasunga alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Kambalame kake koti nyama yake sikwana n'komwe anthu awiri.

Ngati mukumudziwa wina amene wagula mfuti yotereyi, mutumizireni vidiyoyi panopa, ndipo dinani like kuti ifikire anthu ambiri. Tipitirize.

Nambala 4, misampha. Ndikudziwa kuti ena mwaganiza kale za legeni, diwa ndi ulimbo. Legeni siili m'lamulo la mfuti, koma mwala wake umaswa zenera chimodzimodzi. Ulimbo kuno amauona ngati nkhanza kwa nyama, ndipo a SPCA, bungwe loteteza nyama, amatengera anthu kukhoti pogwiritsa ntchito Animals Protection Act ya mu 1962. Ulimbo susankhanso, umagwira mbalame iliyonse yotera pamenepo, zotetezedwa zomwe.

Koma chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: musathire mankhwala m'chimanga. Timapaketi ta tameki ndi tina tofanana nato timene amagulitsa m'misewu ndi m'marenki a matekisi ndi poizoni woopsa. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo a zaumoyo anapeza kuti anaphedwa ndi mankhwala otchedwa terbufos. Mbalame yodya zimenezo simungaidye, ngakhale mutataya matumbo. Galu wa pakhomo akaitola afa. Pachifukwa chomwecho, njiwa imene mwaipeza itafa kale kapena ikuwodzera pansi, musaitole.

Nambala 5, nkhunda za m'tauni, za ku Park Station ndi Joubert Park zija. Ayi. Zimadya m'mabini.

Nambala 6, nanga amene akuifunadi nyamayi atani? Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya kumafamu. Mpendadzuwa ukamakhwima ku Free State ndi ku North West, kuyambira cha m'Malichi kupita m'tsogolo, nkhunda za madontho zija ndi njiwa zimagwa m'minda mwaunyinji, ndipo alimi amalola alenje a zilolezo kukaziwombera. Chigawo chilichonse chimalengeza chokha nyengo yake ndi malamulo ake. Ngati abwana anu kapena mnzanu wa kuntchito amapitako, muuzeni akusungireni, ena amabwera nazo zambiri zoti sangazithe.

Yachiwiri ndi imene ine ndimaikonda, kuweta. Kwathu khola la nkhunda pamwamba pa mitengo si chinthu chachilendo. Nkhunda imaikira mazira awiri, imafungatira masiku pafupifupi 18, yaimuna ndi yaikazi mosinthana, ndipo pakatha milungu 4 maunda amakhala atakwana kudya, asanayambe kuuluka, nyama yake yofewa, yamafuta. Yambani mwapempha eni malo, mufunsenso ku khonsolo za malamulo oweta mbalame m'dera lanu.

Pokonza, sosolani nthenga isanazizire, zimachoka mosavuta opanda madzi otentha. Iwauleni pang'ono. Ng'ambani chithokomiro muone chimene inadya, muyang'anenso kukhosi: mukaona zinthu zachikasu zoundana, imeneyo ikudwala, itayeni. Ngati ndi yowomberedwa, papasani nganga ndi zala, chotsani mtovu wonse ndi nyama yozungulira bala, makamaka ngati adye nawo ana kapena mayi woyembekezera. Yaikulu imalimba, ndiye ikazingeni kaye, thirani anyezi ndi tomato, madzi pang'ono, moto wochepa mpaka nyama iyambe kulekana ndi fupa. Ipse mpaka mkati, osasiya magazi. Nthutumba musataye.

Sabata yamawa tikhoma khola la nkhunda ndi matabwa a mapaleti ndi waya, loti likwane pakona pa yadi. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni, ndipo lembani m'munsimu dera limene mukuonerako.