Kuyendera webusaiti ya bizinesi yaing'ono pa miyezi itatu iliyonse

Zikomo amayi ndi abambo pobwera. Mwa inu amene muli ndi webusaiti ya bizinesi, ndani waitsegula pa foni mwezi uno n'kuiona mmene kasitomala amaionera? Manja ndi owerengeka. Nkhani yagona pamenepo, chifukwa webusaiti ikawonongeka siikuwa. Kasitomala akapeza kuti tsamba silikutseguka sakuimbirani foni, amangotseka n'kupita kwa wina. Choncho pa miyezi itatu iliyonse muzipatula maola awiri kapena atatu oiyendera, makamaka kukatsala milungu iwiri kuti nyengo imene malonda anu amathamanga iyambe. Musamakonze zinthu makasitomala atachuluka kale, chifukwa china chikalakwika mumasowa mpata wochibweza.

Musanakhudze chilichonse, pangani bakapu, kutanthauza kope la zonse za pa webusaiti losungidwa padera. Mawebusaiti ambiri, monga opangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, ali ndi mbali ziwiri. Pali mafayilo, omwe ndi zithunzi, maonekedwe ndi ma plugin, timapulogalamu towonjezera ntchito pa webusaiti, ndiye pali database, mmene mumakhala mawu onse, mitengo ndi maoda. Mukakopera mafayilo okha n'kusiya database, tsiku la ngozi mudzabwezeretsa chigoba chopanda kanthu. Bakapu isakhalenso pa seva, kompyuta imene imasunga webusaiti yanu, chifukwa seva ikagwa kapena akuba akalowamo, zonse zimapitira limodzi. Khalani ndi makope atatu, pa zosungira zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi seva. Kamodzi pachaka yesani kubwezeretsa kopelo pamalo oyeserera. Kampani zambiri zosunga mawebusaiti zimapereka malo oterowo, amawatchula kuti staging. Kope limatha kukhala loduka pakati kapena la miyezi yakale inu osadziwa, ndipo njira yodziwira ndi kuliyesa basi.

Bakapu ikatheka, bwerani ku ma update, zokonza zatsopano zimene eni mapulogalamu amatulutsa. Chiyambire 2013 WordPress imadziikira yokha ma update ang'onoang'ono a chitetezo, koma ma plugin amadikira inu pokhapokha mutatsegula zoti azidzisintha okha. Musasinthe onse nthawi imodzi. Sinthani imodzi, tsegulani tsamba loyamba, tsamba la katundu ndi fomu imene makasitomala amakutumizirani uthenga, kenako pitani pa ina. Mukasintha khumi pakamodzi tsamba n'kuyera mbee, simudziwa kuti wolakwa ndi uti. Plugin imene simuigwiritsa ntchito ifufutiretu. Kungoizimitsa sikukwanira, chifukwa mafayilo ake amakhalabe pa seva, ndipo ngati ali ndi mpata akuba amatha kulowera pomwepo. Imene mwini wake sanaikonzeko kwa zaka ziwiri, ifunireni ina. Onaninso mtundu wa PHP, pulogalamu imene imayendetsa WordPress, umene uli pa seva yanu. Ngati ndi 7.4, dziwani kuti anasiya kuikonza mu Novembala 2022, ndiye pemphani a kampani yosunga webusaiti yanu akukwezereni, koma muyambe mwayesa pa staging.

Kenako dzazani fomu yanu nokha ngati kasitomala, ndipo muone ngati uthenga wafika. Mukapanda kuuona, yang'anani mu spam, momwe mumagwera maimelo okayikitsa. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, moti imelo yochokera ku dzina la webusaiti limene lilibe SPF kapena DKIM, zotsimikizira kuti imeloyo ndi yanudi, imatha kukanidwa. Fomu imalemba kuti uthenga watumizidwa, kasitomala n'kumadikira yankho, pamene inu simunalandire kanthu. Ngati mumagulitsa pa intaneti, gulani kanthu kamodzi kotchipa mpaka kulipira, muone ngati risiti yabwera.

Za mawu ndi zithunzi sitichedwapo. Konzani mitengo, nthawi yotsegula ndi nambala ya foni, chotsani zotsatsa zimene nthawi yake inatha, ndipo zomwezo muzikonzenso pa Google Business Profile, tsamba la bizinesi yanu pa Google, kuti zisatsutsane. Chithunzi chochokera pa foni chimalemera mwina 3 MB kapena 5 MB. Chichepetseni mulifupi chifike mapikiselo 1600, kulemera kukhale pafupifupi 200 KB, apo ayi tsamba limachedwa ndipo limamaliza data ya kasitomala. Google Search Console ndi chida chaulere cha Google, chimakuonetsani masamba amene akubweza 404, kutanthauza kuti sakupezeka.

Onaninso mndandanda wa anthu amene amalowa mkati mwa webusaiti. Amene anasiya ntchito achotseni lero lomwe. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, osabwerekana mawu achinsinsi, ndipo mutsegule chitetezo chofuna nambala yachiwiri ya pa foni polowa.

Adiresi ya webusaiti yanu iyambe ndi https, zimene zimafuna setifiketi ya chitetezo. Setifiketi yaulere ya bungwe la Let's Encrypt imakhala masiku 90 ndipo imayenera kudzikonzanso yokha isanathe, koma nthawi zina zimakanika, makamaka mukasamukira pa seva ina. Ikatha, kasitomala amakumana ndi chenjezo lodzaza sikirini lonena kuti malowa si otetezeka, ndipo ambiri amabwerera pomwepo. Let's Encrypt inasiya kutumiza maimelo okumbutsa mu Juni 2025, ndiye tsiku lothera muzilionera nokha podina kachizindikiro kali pambali pa adiresi.

Tsopano dzina la webusaiti, lija amati domain. Apa mumve bwino amayi ndi abambo, chifukwa zina zonsezi zikalakwika zimakonzeka, koma dzina likapita limavuta kubwera. Dzinali simugula kwamuyaya, mumachita lendi, kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 10 pa mayina monga a .com. Kampani imene munalembetsako imayenera kukukumbutsani kukatsala pafupifupi mwezi umodzi, kenako kukatsala mlungu umodzi. Koma uthengawo umapita ku imelo imene munalemba poyamba paja, yomwe mwina simuitsegulanso. Ena amadalira kulipira kodziyendera kokha, osadziwa kuti khadi la kubanki limene anaikapo linatha ntchito. Dzina likatha, webusaiti imazima pamodzi ndi maimelo onse a bizinesi. Pamakhala masiku ena oti mulipire pa mtengo wanthawi zonse, kenako masiku 30 oliwombola pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo amenewo akadutsa dzina limamasulidwa, aliyense angathe kulitenga.

Ndiye lowani mu akaunti yanu ya ku kampani imene munalembetsako dzinalo muone tsiku lothera, khadi limene lilipo ndi imelo yolandirira zikumbutso. Imeloyo isakhale ya pa domain yomweyo, chifukwa ikazima mudzasowa polandirira uthenga wokuthandizani kuibweza. Onaninso kuti mwini wake analembedwa ndani. Ngati ndi amene anakupangirani webusaiti, kambiranani naye mlungu uno asinthe likhale m'dzina la bizinesi yanu, ndipo mawu achinsinsi a akauntiyo akhale m'manja mwanu.