Nkhaka za ku Ejipito

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? M'mawa uno tiwerenge Numeri 11:4-6.

Aisraeli ali m'chipululu, mana akugwa usiku pamodzi ndi mame, koma iwo akulira. Akuti akukumbukira nsomba zomwe ankadya mwaulere ku Ejipito, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo. Mwaulere! Anthu omwewa ankaumba njerwa akapitawo ali pamsana, mpaka kumanidwa udzu woumbira. Farao analamula kuti ana awo aamuna aziponyedwa mumtsinje. Zonsezo zapita kuti? Ine sindikhulupirira kuti ankanama dala. Ankanena zomwe mitima yawo inkawaonetsa tsiku limenelo, ndipo chimenechi ndicho chimandiopsa.

Akatswiri a maganizo a munthu anapeza kuti zomwe timakumbukira sizikhala m'mutu ngati chimanga m'nkhokwe, choti ukatapa uchipeza monga unachiikira. Nthawi iliyonse tikamakumbukira, ubongo umalumikiza nkhaniyo mwatsopano, ndipo njala, mkwiyo, ngakhale kafunsidwe ka mnzathu, zimalowerera.

Mu 1974, ku America, Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya magalimoto. Ena anawafunsa liwiro la magalimotowo pamene ankagundana, ena anawafunsa ndi mawu oopsa onena za kuphwanyana. Patapita sabata, onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 omwe anamva mawu oopsa aja, 16 anavomera kuti anawaona. Mwa 50 enawo anavomera ndi 7 okha. Chonsecho m'kanemamo munalibe galasi losweka ndi limodzi lomwe. Mawu amodzi a m'funso anaika m'mitu mwawo chinthu chomwe maso awo sanaone.

Ndiye taganizani za mawu omwe mumafotokozera zomwe apongozi anu anakuuzani pamaliro paja, kapena zomwe mnzanu wa kukwaya anakuchitirani. Mwawafotokozera achemwali anu, mwafotokozanso kumsika, usiku mwadzifotokozera nokha tulo tisanabwere. Ulendo uliwonse nkhaniyo ikuwawa kuposa dzulo, ndipo pofika lero simungathenso kusiyanitsa zomwe ananenadi ndi zomwe mtima wanu wawonjezera. Sindikuti simunalakwiridwe ayi. Mwina anakupwetekanidi. Koma mukakhala pansi naye, musalumbire msanga kuti mukukumbukira mawu ake onse monga anawanenera. Mufunseni, mumve mbali yake. Mabanja ambiri asiya kulonjerana chifukwa cha magalasi omwe sanasweke.

Nanga zabwino zija? Tsiku lomwe mwana anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, chaka chomwe fizi inapezeka mutataya kale mtima. Zimenezo tinathokoza kamodzi, basi. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza mu 1885 kuti zambiri zomwe taphunzira kumene zimachoka m'maola oyambirira, ndipo zomwe zimakhazikika ndi zomwe timazibwereza pa masiku osiyanasiyana, osati kuziunjika tsiku limodzi. Mulungu amene anatiumba ankadziwa kale. N'chifukwa chake pa Deuteronomo 6:7 anauza anthu ake kuti azilankhula mawu ake ndi ana awo pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka.

Musanatuluke lero, tchulani mokweza chinthu chimodzi chomwe Yehova anakuchitirani, ndi malo ake ndi chaka chake. Uzani ana pomwe akumwa tiyi. Madzulo muwauzenso.

Tipemphere. Atate, mukudziwa nkhani yomwe takhala tikuibwereza mumtima ndi dzina la munthu amene ali m'nkhaniyo. Tipatseni mphamvu yopita kukalankhula naye mwachilungamo, ndipo mumudalitse iyenso lero pa ntchito yake ndi pakhomo pake. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.