Nyumba za kuno zimapuma

Muli bwanji nonse amene mukundimvera, a kumudzi ndi anzanga a kunja kuno. Ndikulankhula kuchokera ku South Bend, ku Indiana, ndipo chipale chofewa chochokera ku nyanja ya Michigan chayamba kale kugwa. Lero ndikufotokozereni za khoma limene tinagumula m'nyumba mwathu.

Nyumba tinagulayi ndi yakale, yamatabwa. Pakati pa khitchini ndi pabalaza panali khoma, ndipo mayi a kunyumba ankadandaula kuti alendo akabwera, iwo amatsala okha ndi mthiko uku macheza akuwapita. Tinagwirizana zolichotsa. M'munsi mwa khomalo munali kachitsulo ka mipatamipata. Sikankatulutsa mpweya wotentha ngati tinzake, ndiye ine ndinati tingotsekapo basi.

Mmisiri wa zotenthetsera nyumba sananditsutse ndi pakamwa. Anang'amba tishu n'kuika pa kachitsuloko makina otenthetsera nyumba akulira. Tishu uja anamata, osagwa. "Mwaona? Nyumba yanu imakokera mpweya apa."

Abale anga, kuno sitiwotha mbaula. Kunsi kwa nyumba, mu basement, muli furnace, ng'anjo yotenthetsera nyumba yoyaka ndi gasi. Fani yake imakankhira mpweya wotentha m'mipope ya malata kupita m'zipinda zonse. Mpweya womwewo ukazizira umayenera kubwerera, udutse pa filter, sefa yogwira fumbi, ukatenthedwenso. Njira yobwererayo ndi imene amati cold air return. Mukaitseka, furnace imabanika, imatentha mopyola muyezo, kenako imadzizimitsa yokha. Ndiye taganizani zichitike usiku wa mu Januwale, kunja kutazizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro. Nyumba ikazizira choncho, mapaipi a madzi amaundana n'kuphulika.

Titang'amba khoma ndinadabwa, munalibe mpope ayi. Mpata wa pakati pa matabwa awiri oimirira, otalikirana mainchesi 16, ndiwo unali njira ya mpweya, ndipo kunsi anangokhomera lata pa mitanda kuti mpweyawo ukafike ku furnace. Fumbi limene tinatulutsamo linali lokandapala ngati bulangete, muli ubweya wa galu ndi kampira ka mwana wa eni nyumba akale. Mtima unandipweteka, poti ana anga akhala akupuma zimenezo.

Tsono njira ya mpweyayi tikaisamutsire kuti? Ine ndinaloza pansi pa khitchini, pafupi pomwepo, kuti ndalama zisapite zambiri. Mmisiri anakana. Malamulo a zomangamanga kuno salola kukokera mpweya wobwerera m'khitchini, m'bafa kapena m'galaja. Za khitchinizo ndinazimva msanga. Tikakazinga usipa umene achibale amatibweretsera, fungo ndi utsi wa mafuta bwenzi zikugawidwa m'zipinda zonse mpaka m'zovala za ana za kusukulu.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Anati njira imeneyi isakhale pafupi ndi thanki yotenthetsa madzi ya gasi, chifukwa ikhoza kukoka utsi umene umayenera kutulukira kudenga n'kuubweza m'nyumba. Mu utsi umenewu mumatha kukhala carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha. Ndi womwe uja umapha anthu kwathu mu Juni ndi Julaye akagona ndi mbaula ya makala atatseka zitseko ndi mawindo. Sabata yomweyo ndinagula alamu ya utsiwu n'kuika pafupi ndi zipinda zogona.

Tinasamutsira mu kolido. Mmisiri anaumirira kuti bowo latsopano lisachepe kuposa lakale, anaika mpope weniweni wa malata, n'kumata molumikizira monse kuti usakoke mpweya wa mu basement. Anatichenjezanso kuti pamenepo pasadzatsamire sofa kapena kabati.

Madzulo ake tinayatsa furnace. Mwana wanga wamkazi anathamangira tishu, n'kukagwada mu kolido muja. Tishu uja anamata. Mayi ake anali akuvundula nsima uku akucheza ndi alendo ali pabalaza.