Phiri la Wren's Nest: kale panali nyanja, kenako mgodi

Zikomo a tcheyamani, zikomonso amayi ndi abambo chifukwa chobwera. Amene muli kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Lero ndikamba za phiri lina la ku England, m'tauni ya Dudley, pafupi ndi mzinda wa Birmingham. Dzina lake ndi Wren's Nest. Si lalitali ayi, ndipo lazunguliridwa ndi nyumba za anthu. Koma mu 1956 boma linaika phirili m'gulu la malo otetezedwa, ndipo chimene chinalitetezetsa si nyama kapena mitengo, koma miyala yake.

Mwala wake ndi wa laimu. Mukaudonthezera viniga umachita thovu, chifukwa unapangidwa ndi zigoba za zamoyo za m'madzi. Zaka zoposa 420 miliyoni zapitazo, pamalopa panali nyanja yofunda, yosazama kwenikweni. Dziko lomwe lero ndi England linali kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, nthawi imeneyo. Tizilombo tikafa, zigoba zake zinkamira n'kuunjikana, matope n'kukwirira, mpaka zonse zinauma n'kusanduka mwala. Patapita nthawi, mphamvu za pansi pa nthaka zinakankha miyalayo, n'kuipinda, n'kuitukula. Lero yaima chopendekeka, ngati mabuku oyedzamira khoma. Pali thanthwe lina pomwe mizere imene mafunde ankasiya pamchenga ikuonekabe bwinobwino. Taganizani, amayi ndi abambo, mafunde a tsiku limodzi, kalekale kusanakhale munthu, mbalame ngakhale mtengo, n'kumaonekabe mpaka pano!

M'miyalamo anapezamo mitundu yoposa 600 ya zamoyo zakale zimene zinasanduka mwala, ndipo yambiri inayamba kudziwika pomwepa. Kotchuka kwambiri ndi kachilombo ka m'gulu lotchedwa trilobite, kamene kankadzipinda kakaona adani. Anthu okumba miyala ankakatcha Dudley Bug, ndipo ankakagulitsa kwa alendo. Katswiri wa miyala Roderick Murchison anafika kumeneko, ndipo zambiri zimene anajambulitsa m'buku lake la mu 1839, The Silurian System, zinachokera ku Dudley.

Tsono apa ndiye pagona nkhani. Zinthu zonsezi sizikanadziwika pakanapanda anthu amene ankaswa phirilo. Poyamba ankawotcha mwalawu kuti apeze laimu womangira ndi wothira m'minda. Kenako kunabwera ntchito yosungunula chitsulo. Mu ng'anjo amathiramo mwala wa laimu kuti ukoke zinyalala, chitsulo chituluke choyera. Dera limeneli linali ndi malasha, mtapo wa chitsulo ndi laimu pamalo amodzi, motero ng'anjo zinachuluka, utsi unali tolotolo, mpaka deralo likutchedwa Black Country. Abraham Darby, amene mu 1709 anatha kusungunula chitsulo ndi malasha owotcheratu m'malo mwa makala a nkhuni, anabadwira pa Wren's Nest pomwepa.

Anakumba pamwamba, anakumbanso pansi. Ankasiya nsanamira za mwala kuti denga lisagwe, ndipo anaboola ngalande ya pansi pa nthaka yoti mabwato azitulutsira miyala. Mapanga otchuka ndi a Seven Sisters. Inali ntchito yoopsa, ya mumdima ndi m'fumbi, ndipo ine ndimaona kuti anthu amenewa sitiwatchula mokwanira tikamatama akatswiri. Cha m'ma 1920 kukumba kunatha.

Anthu atachoka, chilengedwe chinabwerera. M'mapangamo mumagona mileme, makamaka m'nyengo yozizira, pakuti mkatimo simusinthasintha katenthedwe. M'mitengo muli akadzidzi ndi agogomole. Koma chimene chimandikondweretsa ine ndi udzu. Dothi la pamwala wa laimu ndi lochepa, losasunga madzi, lopanda chonde. Mungaganize kuti ndi loipa, koma ndi lomwe limapatsa mpata timaluwa ting'onoting'ono, chifukwa zomera zamphamvu sizikula msanga n'kutiphimba. Timaluwato timakoka agulugufe. N'chifukwa chake osamalira malowa amadula tchire ndi timitengo tina mwadala. Kuteteza sikutanthauza kungosiya. Akangosiya, thengo limakwirira maluwa ndi miyala yomwe.

Mu 2020 bungwe la UNESCO linavomereza dera lonse la Black Country kukhala limodzi mwa malo ofunika padziko lonse pa nkhani ya miyala, ndipo Wren's Nest ili pamtima pake.

Kodi mlendo amaloledwa kutolako kanthu? Inde, timiyala tochepa tomwe tagwa tokha pansi. Koma hamala ndi chitsulo chogobera n'zoletsedwa. Mvula ndi chisanu zimagumula thanthwe pang'onopang'ono chaka ndi chaka, choncho ana asukulu akabwera amapezabe chotola. Munthu mmodzi wa hamala angathe kuwononga masana amodzi zimene zikanakwanira ana a zaka zambiri.

Ndaona mayi uko akweza dzanja. Funsani, mayi, tikumva.