Loya wa masheya: mbali ya boma ndi mbali ya makampani

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli ku Katoto, ku Chibavi, ku Luwinga kapena kunja kwa Mzuzu. Lero tikambe za loya amene simumuona kawirikawiri kukhoti atavala mkanjo wakuda uja, loya wa nkhani za masheya.

Kampani ikafuna ndalama kwa anthu wamba ngati inu ndi ine, imakagulitsa masheya, tizigawo ta umwini wa kampaniyo, pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. NICO ndi imene inatsegula njira mu 1996, TNM inalowa mu 2008, Airtel Malawi ndi FDH Bank mu 2020. Ena mwa inu munagulako nthawi imeneyo eti? Nanga ndani anaunika kuti zimene kampani inakuuzani musanatulutse ndalama zanu sizinali zongokunyengererani?

Apa mpamene pamabwera loya wa kuboma. Kuno kwathu lamulo lake ndi Securities Act ya 2010, ndipo woyang'anira msikawu ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank. Loya wa mbali imeneyi amawerenga prospectus, chikalata chachitali chija chimene kampani imaululamo chuma chake, ngongole zake komanso zimene zingaigwetse, amathandiza pa ziphaso za ma stockbroker, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, ndiye palinso kufufuza insider trading. Imeneyi ndi ija yoti bwana wamkati wadziwiratu kuti kampani yaluza, nkuthamangira kugulitsa masheya ake nkhani isanatuluke, aphunzitsi a ku Chiputula amene anaika kandalama kawo ka penshoni nkutsala akulira. Ndi kuba kumeneko, kungoti wakubayo wavala tayi.

Mbali inayo ndi ya loya wa payekha, wa mu law firm. Iyeyu kasitomala wake ndi kampani. Amalemba nawo prospectus ija, amafukula mafailo onse kuti pasapezeke mlandu kapena ngongole yobisika, ndipo boma likayamba kufunsa mafunso ndi iyeyo amayankha. Ndalama zimakhalako ndithu, koma tulo simugona bwino tsiku lolowa pamsika likamayandikira.

Tsono chimene chimandikhudza ine nchakuti munthu mmodzi yemweyo amatha kudutsa mbali zonse ziwiri. Ku America bungwe loyang'anira msika ndi SEC, linakhazikitsidwa mu 1934 msika utagwa mu 1929. Mary Jo White anali loya wa boma wozenga milandu ku New York, anapita ku law firm ya Debevoise & Plimpton, mu 2013 anakhala mkulu wa SEC, atachoka mu 2017 anabwereranso ku firm yomweyo. Ubwino wake ulipo, amene wagwirapo kuboma amadziwa zimene woyang'anira amafuna, ndiye amatha kuuza kasitomala molimba mtima kuti bwana izi musayerekeze. Koma taganizani, ukufufuza kampani lero ukudziwa kuti chaka chamawa ukhoza kukapempha ntchito kwa maloya ake, dzanja silingafewe? Ndiye ku Malawi kuno maloya a nkhani zimenezi ndi ochepa, amadziwana, ena anakhala kalasi imodzi ku Zomba. Ine ndimaona kuti munthu akachoka kuboma azidikira kaye ndithu asanakhudze fayilo imene anaigwirapo ali mkati.

Achinyamata amene mukuifuna ntchitoyi, digiri ya malamulo ndi poyambira chabe. Muphunzire kuwerenga balance sheet, chikalata chosonyeza chuma ndi ngongole za kampani, musamathawe masamu, muidziwe Companies Act ya 2013 ndi malamulo a Stock Exchange. Mukapeza mpata woyambira kuboma musaunyoze chifukwa cha malipiro, kumeneko mumaona mafailo a makampani ambiri pa nthawi yochepa.

Mu vidiyo yotsatira titsegula prospectus limodzi, ndikusonyezeni masamba oyenera kuwerenga musanagule sheya ngakhale imodzi.