Uthenga wa malume pa nkhani ya jakisoni wa testosterone

Mphwanga, ndine malume ako. Ndaona kuti ndikujambulire mawu chifukwa dzulo ku Mbare, mu Harare muno, kunali anthu ambiri, sindikanainena nkhaniyi pamaso pa akazi ako. Umvetsere uli wekha, usautsegule uli mukombi.

Wandiuza kuti wakhala ukubayitsa Sustanon, jakisoni wa homoni wachimuna wotchedwa testosterone, miyezi isanu chifukwa thupi limafooka, ndipo kunyumba mukudabwa kuti pathupi sipakuoneka. Ine ndine nkhoswe wako, komanso ntchito yanga ndi yachipatala, ndiye sindikubisira: jakisoniyo ndi amene ndikumukayikira poyamba, osati akazi ako.

Tamvera mmene zimayendera. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary. Kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH. LH ndiye amalamula machende kuti apange testosterone, FSH amathandiza kuti mbewu za umuna zipangike. Tsono ubongo umakhala ukuyeza magazi. Ukaona kuti testosterone wadzaza chifukwa cha jakisoni, umasiya kutumiza LH ndi FSH. Munthu amene akumubweretsera ufa pakhomo tsiku ndi tsiku kuchigayo sapitanso, si choncho?

Apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse. Mbewu zimafuna testosterone wopangidwa m'machende momwemo, amene amakhala wochuluka kwambiri kuposa wa m'magazi. Wa jakisoni sakwanira kufika mlingo umenewo. Ndiye mbewu zimachepa, kwa ena zimatheratu, ndipo machende amanyala. Chopusitsa n'chakuti mphamvu za kuchipinda zimakhalapo, umuna ukutuluka monga kale, koma mkati mwake mulibe mbewu. Mu 1990 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene ankabaya amuna testosterone mlungu uliwonse ngati njira yakulera, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse mbewu zinawathera pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Iweyo wakhala ukulera osadziwa.

Kuwawa kwa mabere kumene unandinong'oneza kuja, n'chifukwa chakuti thupi limasandutsa testosterone wina kukhala estradiol, homoni amene amachuluka mwa amayi.

Tsono uchite izi. Jakisoni wotsatira usabayitse usanaonane ndi dokotala, koma usangosiyanso mwakachetechete wekha, chifukwa ukasiya thupi limafooka kwambiri, mtima umatsika, ndipo ambiri amathamangiranso ku jakisoni yemweyo. Pita ku kiliniki ya kwanu ku Highfield upemphe kalata yokutumiza kwa dokotala wa urology, woona za chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera za amuna, ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa. Utenge kabokosi ka mankhwalawo, unene tsiku limene unabayitsa komaliza. Mawu oyamba kumuuza dokotala akhale akuti mukufuna mwana. Usachite manyazi, chifukwa chithandizo chimatengera yankho limenelo.

Magazi ukatengetse m'mawa, nthawi isanakwane 10 koloko, usanadye. Ayeze testosterone, LH, FSH, estradiol ndi homoni wina wotchedwa prolactin, ayezenso ngati magazi sanakhuthale, pakuti jakisoniyu amachulukitsa maselo ofiira. Chimene chikundiwawa ine n'chakuti unayamba kubayitsa osayezetsa. Munthu amayenera kuyezedwa kawiri, masiku osiyana, asanauzidwe kuti testosterone wake ndi wochepa. Kufooka kuja mwina kunali shuga, kunenepa kapena kusagona mokwanira ndi ntchito zako za usikuzo.

Ukayezetsenso umuna. Ukhale masiku awiri mpaka asanu ndi awiri osagona ndi akazi ako, kenako upereke ku labotale.

Ngati testosterone wako ndi wochepadi, alipo mankhwala ena, hCG kapena clomiphene, amene amadzutsa machende kuti agwire ntchito okha. Amenewo alembe dokotala, usakagule kwa anzako a ku jimu.

Udekhe mtima. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, ndiye mwezi umodzi sungaone kusintha. Amuna ambiri mbewu zimabwerera pakati pa miyezi 6 ndi 12 atasiya, ena mpaka zaka ziwiri, makamaka amene abayitsa nthawi yaitali.

Mayi ako ndilankhula nawo ndekha kuti asiye zoyendetsa akazi ako kwa asing'anga. Akazi akowo uwauze wekha usiku uno. Lolemba ndikhala pa geti la kiliniki 7 koloko, ubwere ndi kabokosi kaja.